Jan Zachwatowicz: Mmisiri Amene Anakana Kuti Warsaw Ikhale Bwinja

Nthawi ikakwana 11:15 m'mawa, lipenga limalira pansanja ya wotchi ya nyumba yachifumu mumzinda wa Warsaw, likulu la dziko la Poland. Nkhunda zimabalalika. Alendo amene amajambulana patsinde pa chipilala cha Mfumu Sigismund amatukula maso, ana asukulu amaleka phokoso kwa kamphindi, kenako aliyense amapitiriza zake.

Kuzungulira bwaloli kuli nyumba zazitali, zowonda, zothithikana, zopakidwa utoto wofiirira, wachikasu ndi wobiriwira. Timisewu toyalidwa miyala timalowera pakati pa nyumbazo mpaka kukatulukira pabwalo la msika. Mlendo wosadziwa mbiri angalumbire kuti makoma amenewa akhala chiimire kwa zaka 400.

Sichoncho ayi.

Pafupifupi chilichonse chimene diso limaona pamalopa chinamangidwa nkhondo itatha mu 1945. Ngakhale nthawi yoimbira lipengalo ili ndi chifukwa chake. Pa 17 Sepitembala 1939, mabomba a Ajeremani atayatsa nsanjayi, mivi ya wotchi inaima pa 11:15.

Chapafupi pomwepo, m'mbali mwa linga la njerwa, pali chiboliboli cha mkuwa chimene chinaimikidwa mu 2021. Ndi cha Pulofesa Jan Zachwatowicz, katswiri wa mapulani a nyumba amene moyo wawo wonse unathera pa nyumba zakale. Ndiwo analimbikira kuti mzinda umene adani anauphwasula mwadala udzukenso ndi nkhope yake yomwe ija.

Masiku ano dzina lawo likutchulidwanso kawirikawiri. Chiyambireni nkhondo yaikulu ku Ukraine mu 2022, pamakoma a matchalitchi ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale za m'dzikolo pakuoneka kachishango ka mtundu wabuluu ndi woyera, kochenjeza asilikali kuti nyumbayo ndi chuma cha anthu onse. A Zachwatowicz anali m'gulu la amene anajambula chizindikiro chimenecho. Ndipo funso limene mizinda yowonongedwa ikulimbana nalo lero, iwo analiyankha kalekale ndi njerwa: kodi nyumba yakale ikagwa yonse, n'kololedwa kuimanganso?

Ntchito ya tepi ndi pensulo

A Zachwatowicz anabadwa pa 4 Malichi 1900 ku Gatchina, kufupi ndi St Petersburg m'dziko la Russia. Nthawi imeneyo dziko la Poland silinali pamapu, popeza mayiko oyandikana nalo anali ataligawana. Anaphunzira zomangamanga ku St Petersburg, ndipo mu 1924 anasamukira ku Warsaw, dziko la makolo awo litapezanso ufulu.

Pasukulu ya ukachenjede ya Warsaw Polytechnic anagwira ntchito pansi pa Pulofesa Oskar Sosnowski, amene anakhazikitsa nthambi yofufuza kamangidwe ka nyumba za ku Poland. Nthambiyi inali ndi chizolowezi chimene ambiri sakanachiona ngati cha phindu. Chaka ndi chaka ophunzira ankatumizidwa ku nyumba zakale atanyamula tepi, pensulo ndi mapepala. Ankayeza kutalika kwa khoma, kukula kwa zenera, kupindika kwa masitepe, maluwa ogobedwa pamwamba pa khomo. Akabwerera ankajambula zonsezo mwaukhondo, n'kuzisunga m'makabati.

Inali ntchito yotopetsa, ya fumbi, yopanda ulemerero.

Mapepalawo anachuluka mpaka kufika masauzande. Munali matchalitchi a kumidzi, masunagoge a matabwa, malinga a mizinda, komanso nyumba za m'chigawo chakale cha Warsaw.

A Zachwatowicz eni ake anafufuza za linga la mzinda wa Zamość, ndipo mu 1937 ndi 1938 anatsogolera ntchito yovundukula linga lakale la Warsaw, limene linabisika anthu atamangapo nyumba zogona. Anaphunzira kuwerenga khoma: njerwa iyi ndi ya zaka ziti, dothi lomangira ili linasakanizidwa bwanji, khomo ili linatsekedwa liti.

Kenako kunabwera nkhondo.

Mu Sepitembala 1939 Pulofesa Sosnowski anavulazidwa pabwalo la sukuluyo mzinda uli mkati mophulitsidwa, ndipo anamwalira mwezi womwewo. Udindo wosamala nthambiyo ndi makabati ake unagwera a Zachwatowicz. Ajeremani anatseka masukulu a ukachenjede, koma iwo ndi anzawo anapitiriza kuphunzitsa mobisa, pomwe kugwidwa kukanatanthauza ndende kapena imfa.

Mzinda wophedwa mwadala

Pa 1 Ogasiti 1944 anthu a mu Warsaw anaukira Ajeremani. Anamenya nkhondo masiku 63 asanagonje. Anthu wamba oposa 150,000 anafa, ndipo otsala anathamangitsidwa mumzindamo kudzera ku msasa wa Pruszków.

Zimene zinatsatira sizinali ngozi ya nkhondo. Akuluakulu a chipani cha Nazi analamula kuti mzindawo ufafanizidwe. Magulu apadera a asilikali ankayenda msewu ndi msewu, ena akuyatsa nyumba, ena akutchera mabomba. Anatentha malaibulale, anagwetsa zipilala, anaphulitsa matchalitchi. Nyumba yachifumu, imene anaiboola mabowo oikamo zophulitsira kumayambiriro kwa nkhondo, inasanduka mulu wa zigumukire. Ankadziwa chimene ankachita: mtundu wa anthu ukalandidwa nyumba zimene zimaukumbutsa kumene unachokera, umavutika kudzizindikira.

Mkati mwa chipasuko chimenechi, kagulu ka akatswiri kotsogozedwa ndi Stanisław Lorentz, mkulu wa nyumba yosungiramo zinthu zakale ya dzikolo, kanaloledwa kulowa mumzinda wopanda anthuwo kukatulutsa mabuku ndi zinthu zina zamtengo wapatali. Ankalowa pamalole, asilikali a Ajeremani akuwalondera, utsi uli tolotolo. A Zachwatowicz anali nawo, ndipo anathamangira mapepala a ophunzira aja. Anawalongedza n'kuwatumiza ku Piotrków, kumene anasungidwa m'nyumba ya ansembe.

Mapepalawo anali ngati mbewu imene mlimi amakana kuikazinga ngakhale njala ifike povuta.

Asilikali a Soviet Union ndi a Poland atalowa mu Warsaw pa 17 Januwale 1945, anapeza chipululu cha njerwa chokutidwa ndi chipale. Kutsidya lakumadzulo la mtsinje wa Vistula, pafupifupi nyumba 85 pa 100 zilizonse zinali zitawonongeka. Mzinda umene nkhondo isanayambe unali ndi anthu pafupifupi 1.3 miliyoni unali zii. M'chigawo chakale, nyumba zotsala chiimire zinali zowerengeka pa zala.

Maofesi ambiri a boma anayamba akhala ku Łódź, ndipo ena ankaganiza kuti likulu lingokhazikika kumeneko. Koma eni mzinda sanadikire chilolezo. Anayamba kubwerera wapansi, atasenza mitolo, n'kumagona m'zipinda zapansi za nyumba zawo zakugwa.

Mkangano pamwamba pa mabwinja

Mu Januwale 1945 momwemo a Zachwatowicz anali kale m'mabwinjamo. Anathandiza kukhazikitsa ofesi yokonza zomanganso likulu, imene mu Febuluwale 1945 inatchedwa Biuro Odbudowy Stolicy. Chaka chomwecho anasankhidwa kukhala mkulu woyang'anira nyumba zakale m'dziko lonse, udindo umene anakhala nawo mpaka 1957.

Mu ofesiyo munali maganizo atatu. Ena ankati mabwinja a chigawo chakale asiyidwe momwemo kuti akhale mboni ya nkhanza. Ena, akatswiri a kamangidwe kamakono, ankaona mwayi wosalaza zonse n'kumanga mzinda wa misewu yotakata ndi nyumba zodzaza kuwala. A Zachwatowicz anaima pa ganizo lachitatu: nyumba zakalezo zimangidwenso kuyambira pamaziko.

Pamenepa anali kutsutsana ndi zimene iwo omwe ankaphunzitsa. Kuyambira nthawi ya John Ruskin ku England ndi Alois Riegl ku Austria, osamala nyumba zakale ankagwirizana pa mfundo imodzi: chotsala chitetezedwe, koma chimene chatayika chisapangidwenso, chifukwa khoma latsopano lovala nkhope yakale limanamiza mibadwo yobwera.

Mu 1946 a Zachwatowicz analemba nkhani yofotokoza mfundo zawo, ndipo sanabise kulemera kwa chimene ankapempha. Anavomereza kuti nyumba yomangidwanso si yeniyeni, ndiponso kuti kwa katswiri wa ntchito yawo chimenechi n'chopweteka. Koma anati mtundu wa anthu ndi nyumba zake zakale n'chinthu chimodzi, ndipo a ku Poland sangavomereze kuti alandidwe dala chuma chimenechi. Ngati ana sangalandire njerwa zenizeni za makolo, alandire maonekedwe ake olondola, ochokera m'zolembedwa ndi m'chikumbumtima cha anthu amene anakhalamo.

Kutsimikizira akatswiri anzawo kunali kovuta. Kutsimikizira boma kunali kovuta koposa.

Olamulira atsopano anali Akomyunisti, ndipo nyumba za amalonda olemera, mafumu ndi mabishopu sizinali pamtima pawo. Njira inapezeka m'vuto la malo ogona. Nkhondo isanayambe, chigawo chakalechi chinali cha amphawi, cha zipinda zamdima ndi zachinyezi, mabanja atapanikizana. Pulani yatsopano inati kunja nyumba zioneke monga kale, koma mkati mukhale malo ogona a anthu wamba okhala ndi madzi a m'mipope, zimbudzi ndi magetsi. Tinyumba tambiri ta kuseri sitinamangidwenso, kuti dzuwa ndi mpweya zizilowa. Boma linaona kuti ntchitoyi ilipezera chikondi cha anthu amene sankalikhulupirira, ndipo linavomera.

Njerwa imodzi imodzi

Choyamba kunali kuchotsa zigumukire, zimene mumzinda wonse zinali pafupifupi makiyubiki mita 20 miliyoni. Makina anali ochepa. Ntchito yambiri inagwiridwa ndi mapiki, mafosholo, mawilibala ndi ngolo za akavalo. Amayi, ophunzira ndi ogwira ntchito m'maofesi ankaima pamzere n'kumapatsirana njerwa, ena akupala dothi lakale kuti njerwazo zigwirenso ntchito. Anthu m'dziko lonse ankasonkha ndalama ku thumba lomangira likulu.

M'chigawo chakale munalibe kufosholera mwachisawawa. Mulu uliwonse unkafufuzidwa. Mwala wogobedwa wa pakhomo, chitsulo chopindidwa cha pazenera, chidutswa cha nsanamira, zonse zinkaikidwa padera kuti zidzabwerere pamalo pake. Zipinda zapansi zambiri zinapulumuka, ndipo makoma atsopano anakwera pamaziko omwewo.

Apa m'pamene mapepala a ophunzira aja anaonetsa mtengo wake. Pamodzi ndi zithunzi zakale, ndiwo ankauza amisiri kutalika kwa nyumba iliyonse ndi pamene zenera linali.

Thandizo lina linachokera kwa munthu amene anamwalira mu 1780. Bernardo Bellotto, wojambula wa ku Venice amene ankagwira ntchito kwa Mfumu Stanisław August, anajambula misewu ya Warsaw mwatsatanetsatane kwambiri moti munthu angawerenge mawindo. Zithunzi zake zoposa 20 zinapulumuka nkhondo, ndipo zinathandiza makamaka pomanganso msewu wa Krakowskie Przedmieście ndi madera oyandikana nawo. Bellotto nthawi zina ankakongoletsa zimene ankaona, choncho pali nyumba zina lero zimene zimafanana kwambiri ndi chithunzi chake kusiyana ndi mmene zinalili mu 1939.

Ntchitoyi inafuna maluso amene anali atayamba kutha: osema miyala, osula zitsulo, akalipentala a madenga otsetsereka, ojambula papulasitala. Pofuna kuwasonkhanitsa ndi kuphunzitsa achinyamata, a Zachwatowicz analimbikitsa kukhazikitsa kampani ya boma yokonza nyumba zakale, yodziwika ndi zilembo zakuti PKZ. M'zaka zotsatira akatswiri ake anakagwira ntchito kutali, monga pakachisi wa Hatshepsut ku Egypt ndi pa akachisi a My Son ku Vietnam.

Pa 22 Julaye 1953 bwalo la msika wa chigawo chakale linatsegulidwa. Panali patangotha zaka zisanu ndi zitatu chichokereni Ajeremani.

Amene akufuna kuona pamene chakale chathera angapite pa linga. M'munsi njerwa ndi zakuda, zodyeka m'mbali. Pamwamba ndi zowala, zosalala. Omanga sanayese kubisa malirewo.

Zimene zinatsalira m'fumbi

Ntchito ya manja a Zachwatowicz imene imaoneka kwambiri ndi tchalitchi chachikulu cha Yohane Woyera, ndipo ndi imenenso imadzutsa mafunso ambiri. Nkhondo isanachigwetse, tchalitchichi chinali ndi nkhope imene Adam Idźkowski anachipatsa cha m'ma 1830 potengera matchalitchi a ku England. A Zachwatowicz sanaibwezeretse. Anajambula nkhope ina ya njerwa zofiira, yokwera ngati masitepe, potsata zojambula zakale ndi kamangidwe ka matchalitchi a m'chigwa cha Vistula. Palibe munthu wamoyo mu 1945 amene anaonapo tchalitchicho chikuoneka chomwecho. Pakhoma lake la m'mbali anamatapo chidutswa cha unyolo wa galimoto yankhondo ya Ajeremani, kuti odutsa asaiwale chimene chinachitika.

Panalinso mtengo umene mizinda ina inalipira. Njerwa zakale zomangira chipata chachikulu cha linga, chotchedwa Barbican, zinachokera ku nyumba zogumulidwa ku Wrocław ndi ku Nysa, mizinda imene Poland inalandira kuchokera ku Germany nkhondo itatha.

Mu Warsaw momwemo, nyumba zambiri za m'zaka za m'ma 1800 zimene zikanatheka kukonzedwa zinagwetsedwa, chifukwa okonza mzinda a nthawiyo sankaziona ngati chuma. Lamulo la mu Okutobala 1945 linalanda malo onse a mumzinda n'kuwapereka m'manja mwa boma. Linafulumizitsa kumanga, koma linasiya milandu ya eni malo imene yavutitsa makhoti kwa zaka zambiri.

Bala lalikulu koposa ndi la Ayuda. Nkhondo isanayambe, pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse mu Warsaw anali Myuda. Dera lawo linasalazidwa mu 1943, sunagoge wawo wamkulu anaphulitsidwa pa 16 Meyi chaka chimenecho, ndipo anthu ake anaphedwa. Misewu yawo sinabwerere. Pamwamba pa zigumukire zake panamangidwa nyumba zatsopano za dera la Muranów.

Zosankha zimenezi sizinali za munthu mmodzi, ndipo zambiri zinali za andale. Koma zimaonetsa kuti womanganso mzinda amasankhanso zimene mzindawo uzikumbukira.

Kuchokera ku Warsaw kupita ku dziko lonse

Munthu amene anaona nyumba zikuphulitsidwa mwadala anafunitsitsa kuti pakhale lamulo loletsa zimenezi. Mu 1954 a Zachwatowicz anali m'gulu la nthumwi za Poland ku The Hague, kumene mayiko anasainirana pangano loteteza chuma cha chikhalidwe pa nthawi ya nkhondo. Chishango chabuluu chija chinabadwira kumeneko.

Mu 1964 anali mmodzi mwa akatswiri amene anakonza chikalata cha ku Venice, chimene mpaka lero chimatsogolera okonza nyumba zakale. Chikalatacho chimalamula kuti wokonza aime pamene umboni wathera, asayambe kulota. Kusaina kwawo sikunali kudzitsutsa. Kuyambira pachiyambi ankanena kuti za ku Warsaw zinali yankho la tsoka lapadera, osati chilolezo choti aliyense azigwetsa nyumba zakale n'kumanga zofanizira. Chaka chotsatira, bungwe la akatswiri a ntchitoyi padziko lonse, ICOMOS, linakhazikitsidwa mu Warsaw momwemo.

Nyumba yachifumu ndiyo inachedwa. Nyumba ya malamulo inavomereza mu 1949 kuti imangidwe, koma kwa zaka zoposa 20 pamalopo panali bwalo lopanda kanthu ndi zidutswa za makoma, makamaka chifukwa mtsogoleri wa chipani Władysław Gomułka sankaifuna. Atachoka pampando, boma la Edward Gierek linalola mu Januwale 1971. Ndalama zinachokera m'matumba a anthu wamba ndi a ku Poland okhala kunja. A Zachwatowicz, ali ndi zaka zoposa 70, anatsogolera komiti ya akatswiri yoyang'anira kamangidwe kake. Zidutswa masauzande zimene ogwira ntchito a Lorentz anazembetsa nkhondo itangoyamba, monga zitseko, zosemasema ndi zokongoletsa za m'makoma, zinabwezeretsedwa m'zipinda zake. Mu Julaye 1974 wotchi ya pansanja inayambanso kuyenda.

Mu 1980 bungwe la UNESCO linaika chigawo chakale cha Warsaw pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Sizinali zophweka, popeza malamulo ankafuna zinthu zenizeni zakale. Warsaw inalandiridwa chifukwa cha kumangidwanso kwakeko, ndipo malamulo anaonjezeredwa mfundo yakuti kumanganso n'kovomerezeka pokhapokha ngati pali zolembedwa zokwanira za chinthu choyambacho.

Njira imeneyi ena aitsata. Mlatho wa ku Mostar m'dziko la Bosnia, umene unagwetsedwa mu 1993, unatsegulidwanso mu 2004. Ku Timbuktu m'dziko la Mali, manda a anthu oyera amene zigawenga zinaphwanya mu 2012 anamangidwanso ndi amisiri a komweko, ndipo mu 2016 khoti la milandu ya padziko lonse linagamula Ahmad al-Faqi al-Mahdi kukhala m'ndende zaka zisanu ndi zinayi chifukwa cha kuwonongako. Ku Paris, okonza tchalitchi cha Notre-Dame chitapsa mu 2019 anathandizidwa ndi miyezo imene Andrew Tallon anatenga ndi makina a leza moto usanabuke. Ku Ukraine, magulu a akatswiri ndi ongodzipereka akujambula nyumba zakale pakompyuta zisanagwe. Tepi yasanduka makina, koma ntchito ndi yomwe ija ya ophunzira a Sosnowski.

A Zachwatowicz anamwalira ku Warsaw pa 18 Ogasiti 1983, ali ndi zaka 83, ndipo anaikidwa kumanda a Powązki. Nyumba yachifumu inatsegulidwa kwa anthu patatha chaka chimodzi. Mu 2011 UNESCO inaika mapepala a ofesi yomanganso likulu ija pa mndandanda wa zolembedwa zofunika kwambiri padziko.

Nyumba zimene ena ankazitcha zabodza tsopano zapitirira zaka 70. M'menemo mwabadwira ana, mwachitikira maukwati ndi maliro. Pulasitala wake akang'ambika, amene amaitanidwa ndi akatswiri osamala zinthu zakale, ndipo zojambula za amisiri a m'ma 1950 amazisamala ngati chuma pachokha.

Mkangano wa 1945 nawo sunathe. Nyumba yachifumu ina, Saxon Palace, imene Ajeremani anaiphulitsa mu Disembala 1944, sinamangidwenso, kupatula kachigawo kamene kamaphimba manda a msilikali wosadziwika. Mu 2021 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo loti imangidwe. Ena akuti bala la mzinda litsekedwa, ena akuti papita zaka zambiri ndipo ndalamazo zikanakonzera nyumba zenizeni zakale zimene zikugwa m'matauni ang'onoang'ono. Ntchito inayamba mu 2022 ndi kufukula zipinda zapansi zimene zinakwiririka pansi pa bwalo la Piłsudski.